Thanki ya Zonyansa Siyenera Kudikira Fungo

Eni nyumba ndi eni malo odyera ambiri amaitana galimoto yopopa zonyansa pokhapokha sinki ikayamba kubweza madzi kapena fungo likafika pamene makasitomala amadyera, ndipo ine ndimaona kuti chizolowezi chimenechi n'chimene chimawadyera ndalama zambiri, chifukwa fungo limamveka zinthu zitawonongeka kale.

Mu sepitiki thanki, thanki ya pansi pa nthaka yolandira zonyansa za m'nyumba, zonyansazo zimagawikana patatu. Zolemera zimamira n'kusanduka matope pansi, mafuta ndi sopo zimayandama n'kuuma ngati chikhungwa pamwamba, ndipo madzi a pakati okha ndi amene amayenera kutuluka kukalowa m'nthaka. Tizilombo ta m'thankimo timawoletsa zonyansazo koma sitizimaliza, choncho matope amakwerabe chaka ndi chaka. Akayandikira paipi yotulutsira madzi amayamba kutuluka nawo n'kukatseka timipata ta m'nthaka, ndipo zikafika pamenepo kupopa sikuthandizanso kwenikweni, munthu amafunika kukumba malo ena olowetsera madziwo m'nthaka, ntchito yodula kuposa kupopa kangapo. Bungwe loona za chilengedwe la ku America, EPA, limalangiza kuti thanki ya pakhomo iziyenderedwa pa zaka 3 zilizonse ndi kupopedwa pakapita zaka 3 mpaka 5, malinga ndi kukula kwake komanso kuchuluka kwa anthu a pabanjapo.

Pa lesitilanti nkhaniyi imakula, popeza malamulo amalowererapo mwamphamvu. Grease trap ndi bokosi limene madzi otsukira mbale amadutsamo pang'onopang'ono kuti azizire, mafuta ayandame, nyenyeswa za chakudya zimire. Makhonsolo ambiri, makamaka a ku America, amalamula kuti bokosili lizipopedwa pasanathe masiku 90, kapena msanga kuposa pamenepo ngati mafuta ndi matope zakwana gawo limodzi mwa magawo 4 a kuya kwake. Woyendera wa khonsolo amatsitsiramo paipi yoonekera mkati, n'kuitulutsa itasunga zigawo zonse zitatu monga zinaliri, ndipo mwini malo sangatsutse zimene akuona ndi maso ake. Aliyense azifunsa khonsolo ya kwawo, chifukwa masiku ndi chindapusa zimasiyana dera ndi dera.

Ena amati malamulowa ndi okhwimitsa zinthu chabe. Amenewa aganizire zimene zinapezeka m'ngalande ya zonyansa ku Whitechapel, mumzinda wa London, mu 2017: chibuluma cha mafuta oundana osakanikirana ndi tinsalu topukutira, cholemera matani pafupifupi 130 ndi kutalika mamita 250, chimene anthu anachigumula kwa milungu yambiri. Mafuta amene aphiki amawakankha ndi madzi otentha kapena mankhwala osungunula sathera pomwepo. Amangodutsa m'bokosi muja ali osungunuka n'kukaundana kutsogolo, m'paipi ya anthu onse. N'chifukwa chake makhonsolo ena analetsa mankhwala otere.

Pepala limene opopa amasiya nalonso si lonyozera. Limasonyeza tsiku, kuchuluka kwa zimene zapopedwa, chiphaso cha kampani ndi malo ovomerezeka kumene zakatayidwa, ndipo m'madera ambiri lamulo limafuna kuti lisungidwe kwa zaka 3. Wopopa wotchipa amene sapereka pepalali ndimamukayikira, chifukwa kawirikawiri amangoyengula za pamwamba n'kusiya matope pansi, mwinanso kukakhuthula katundu wakeyo mumtsinje usiku, mlandu n'kubwerera kwa mwini lesitilanti. Wodziwa ntchito amapopa zonse, amapala makoma, amaonanso ngati zotchinga za mkati sizinathyoke.

Ntchitoyi ikamachitika, wina aliyense asalowe kapena kusuzumira kwambiri m'thanki, ngakhale itaoneka yopanda kanthu. Mpweya wa hydrogen sulfide umene umakhalamo umanunkha ngati mazira owola ukakhala wochepa, koma ukachuluka umapha mphuno moti munthu saumvanso, ndipo amakomoka asanakuwe n'komwe.