Mbewa za mayi zinathera pa Nadi

Abale ine mpaka lero ndikaona mnyamata akugulitsa mbewa m'mbali mwa msewu wa ku Dedza mtima umangoti thi, ndimakumbuka madola 400 a ku Fiji. Kuntchito anandituma ku wekishopu ku Suva, likulu la Fiji, ulendo wake Lilongwe, Johannesburg, Sydney kenako Nadi, kukhala mundege mpaka matako kuchita dzanzi. Usiku woti mawa ndinyamuka mayi anatulukira kuchokera kumudzi ndi jumbo yakuda yomanga mfundo zitatu, akuti mwanawe kunja kumeneko ukadya chani, nkuikankhira pansi penipeni pa sutikesi. Ine sindinatsegule, ndinangoti ndi ndiwo basi.

Tili mmwamba anatigawira kakhadi koti tilembe, ndiye penapake pakufunsa ngati wanyamula chakudya, zomera, mbewu, zinthu zochokera ku nyama, mpaka nsapato zamatope akufuna adziwe. Tsono ine mwana wa ku Malawi chakudya ndi nsima. Nsima ndinalibe, ufa ndinalibe. Ndiwo si chakudya, ndiwo ndi ndiwo. Ndinachonga No ndi mtima woyera ngati wa mwana wa Sande sukulu.

Kutsika pa Nadi anyamata ovala malaya amaluwamaluwa akuimba ndi magitala, aliyense Bula! Bula! ine nkumati eya dziko ndi limeneli. Pasipoti anadinda bwinobwino. Vuto linayamba sutikesi italowa mu makina a X-ray, inangolowa osabwera kwa ine, inapita patebulo. Kunabwera bambo wina thupi ngati wosewera rugby, atavala sulu, ija yonga siketi amavala amuna kumeneko, nkundifunsa mwaulemu kuti bwana mwanyamula chakudya? Ine ayi bwana. Anavala magolovesi pang'onopang'ono akundiyang'ana.

Choyamba kutuluka mtedza wamakoko wosakazinga, dothi lakumudzi likadali pompo. Chachiwiri uchi wa m'botolo la Sobo. Apa nkuti thukuta layamba kale kutsika kumsana. Kenako anamasula nyuzipepala nkukweza mmwamba mpani wa mbewa zisanu ndi zitatu zowamba bwino, ubweya uli pompo, michira lende, mano panja ngati zikundiseka ine. Mzungu wina anali kumbuyo kwanga anabwerera masitepe awiri. Bambo aja anaitana anzawo, anzawo anaitananso anzawo, wina kufunsa ngati ndi zamankhwala. Ine poyesa kudziteteza ndinayamba kufotokoza kuti izi si makoswe a m'nyumba ayi, ndi mbewa zakumunda, zimadya zaukhondo, ndi kamchere pang'ono simungaphike nyama ina. Mmalo mopepesa ndinali kuphunzitsa kaphikidwe aise kkkk.

Koma kunena zoona anthuwa sachita nkhanza, dziko lawo ndi zilumba, kachilombo kamodzi kakalowa kulibe kothawira. Uchi amaopa matenda a njuchi, dothi amaopa tizilombo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu 1883 anabweretsa tinyama tonga nyenga kuti tithane ndi makoswe m'minda ya nzimbe, mmalo mwake tinayamba kumaliza mbalame zoikira mazira pansi, ndiye taganizani anthu ovutika ndi makoswe zaka zonsezi ine nkuwabweretsera ena pa mpani.

Chomwe chinandipweteka kwambiri, anandiuza kuti ndikanachonga Yes akanangolanda zosaloledwazo nkutaya mu bini, osalipira kalikonse. Faindi ya madola 400 ija inali ya kusaulula kuja. Alawansi yanga inapita pomwepo, sabata yonse ku Suva ndimangodalira lanchi ya ku wekishopu, chinangwa ndi dalo (koko wa kumeneko), madzulo tiyi wa m'chipinda.

Tsiku lachitatu mayi anaimba pa WhatsApp ya mlongo wanga, mawu oyamba, mbewa zija zinafika bwino? Ndinati mayi zinafika, akuluakulu a boma anazilandira okha pabwalo la ndege ndipo anatenga zonse. Anasangalala zedi, akuti ulendo wina adzaonjezera mipani iwiri.