Kalabu ya ophunzira ntchito zamanja si masewera a pambuyo pa kalasi

Ku America, sukulu za sekondale zophunzitsa ulimi, kuwotcherera, zamagetsi, ukalipentala, zamalonda kapena zachipatala nthawi zambiri zimakhala ndi kalabu ya ophunzira yoyendera limodzi ndi phunzirolo. Yodziwika kwambiri ndi FFA ya ophunzira zaulimi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1928 ku Kansas City ndi anyamata 33 ochokera m'zigawo 18. Atsikana anayamba kuloledwa kukhala mamembala mu 1969. Ophunzira zamalonda ali ndi DECA kuyambira 1946, a zachipatala ali ndi HOSA kuyambira 1976, ndipo a ntchito zam'mafakitale ali ndi SkillsUSA, yomwe inayamba mu 1965 ndi dzina loti VICA.

Chimene ndikufuna chimveke n'chakuti makalabu amenewa anapangidwa kuti akhale mbali ya phunziro lenilenilo. Sukulu ikangoyamba kuwaona ngati zongotayitsa nthawi ana akaweruka, kalabu imatsala dzina lokha.

Tione mmene aulimi amachitira. Phunziro lawo lili ndi mbali zitatu: za m'kalasi, za kalabu, ndi ntchito imene wophunzira aliyense amagwira payekha mphunzitsi akumuyang'anira, imene amaitcha SAE. Mbali yachitatuyi ndi imene imaulula ngati mwana waphunziradi. Tinene kuti wasankha kuweta nkhuku zanyama 50. Ayenera kulemba tsiku limene anapiye afika, mtengo wake, thumba lililonse la chakudya, anapiye amene afa ndi tsiku lake, komanso kulemera kwa nkhuku sabata iliyonse. Pakatha masabata 6 mpaka 8 amagawa kulemera kwa chakudya chonse chimene chadyedwa ndi kulemera kwa nkhuku zonse. Nkhuku zanyama zosamalidwa bwino zimadya pafupifupi makilogalamu awiri kuti zilemere kilogalamu imodzi. Yankho likafika pa atatu, penapake palakwika: mwina modyera mwadzazidwa mopitirira ndipo chakudya chikutayikira pansi, mwina m'khola mukuzizira, mwina makoswe akudya nawo. Mwana amene amalemba tsiku ndi tsiku amatha kuloza sabata imene zinthu zinayamba kusokonekera. Amene wadikira mpaka kumapeto n'kumalemba zongokumbukira sangaloze chilichonse, ndipo buku lake limaoneka loyera koma lopanda phindu.

Utsogoleri wa kalabu umakhala m'manja mwa ophunzira. Ku FFA maudindo ake ndi wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, wofalitsa nkhani ndi woyang'anira malo a msonkhano. Mphunzitsi ndi mlangizi chabe. Chaka chikamayamba, atsogoleriwa amalemba ndondomeko ya zochita za chaka chonse, ndipo chochita chilichonse chiyenera kukhala ndi tsiku, ndalama zofunika ndi dzina la amene achiyendetse. Chimene chilibe dzina la munthu sichichitika. Pamsonkhano, wina amapereka ganizo, wina amalivomereza kuti likambidwe, kenako amakambirana ndi kuvota, mlembi n'kulemba zotsatira. Aphunzitsi ena amaona ngati zimenezi zikuchedwetsa, ndiye amangogamula okha. Ntchito imafulumiradi, koma ana amazindikira msanga kuti mawu awo alibe mphamvu, ndipo amayamba kujomba mmodzimmodzi.

Za ndalama ndizidutsa mwachangu, ngakhale zimagwetsa makalabu ambiri. Ndalama zonse zosonkhedwa ziwerengedwe ndi anthu awiri, lisiti lilembedwe pomwepo, ndipo zisungidwe ku akaunti ya sukulu, osati m'thumba la munthu. Ndalama za umembala zitumizidwe nthawi isanathe, chifukwa mwana wosalembetsedwa saloledwa kupikisana ngakhale luso lake litakula bwanji.

Mipikisano ndiyo imakopa ambiri. Imayambira kudera, n'kupita ya chigawo chonse, opambana n'kukafika ya dziko lonse. Mpikisano uliwonse uli ndi malamulo olembedwa: zovala, zida zoti abwere nazo, nthawi, ndi mmene malikisi amagawidwira. Ku SkillsUSA wopikisana amaperekanso CV ya tsamba limodzi. Ana ambiri aluso amagonja asanagwire n'komwe chida, chifukwa palibe amene anakhala nawo pansi kuwerenga malamulowo mzere ndi mzere.

Pa kuwotcherera zolakwika zake zimabwerezeka chaka ndi chaka. Choyamba ndi kusawerenga pulani bwinobwino: chizindikiro chikusonyeza kuti awotcherere mbali inayo ya chitsulo, mwana n'kuwotcherera mbali ino, mokongola kwambiri koma pamalo olakwika. Chachiwiri ndi marodi owotcherera a mtundu wotchedwa E7018. Marodi amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo paketi ikatsegulidwa ayenera kusungidwa mu uvuni yake pa madigiri a Celsius pafupifupi 120. Akanyowa, powotchererapo pamatuluka timabowo ting'onoting'ono ndipo pamatha kung'aluka. Mwana amene wakhala akuyeserera ndi marodi onyowa amaganiza kuti dzanja lake ndilo likulakwitsa, n'kumasinthasintha kagwiridwe kamene kanali kolondola kale. Chachitatu ndi moto: ukachuluka kapena dzanja likathamanga, m'mbali mwa mzere wa powotchererapo mumakumbika kangalande kamene kamafooketsa chitsulo, ukachepa, rodi imamatirira ndipo zitsulo sizigwirana mpaka mkati. Ndipo amene wavula magalasi oteteza maso pochotsa makoko a pamzere amataya malikisi pomwepo, zimenenso n'zoyenera.

Poyeserera, muikeni mwana pa wotchi ngati tsiku lenileni la mpikisano, ndipo ntchito yake iyesedwe ndi mmisiri wochokera kunja kwa sukulu. Mlendo saona kuti mwanayu wayesetsa bwanji, amangoona mzere umene uli pachitsulo. Komanso amisiri otere ndi amene pambuyo pake amaitana ana kukaphunzira ntchito kumalo awo.

Vuto limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la kalabu imene imasanduka ya ana asanu opambana mipikisano, ena onse n'kumangolipira umembala. Mankhwala ake ndi kutenga pepala la malikisi la mpikisano n'kuligwiritsa ntchito poyesa kalasi yonse, kuti aliyense ayesedwe ndi muyezo womwewo kaya apita kukapikisana kapena ayi. Amene adapikisanapo apatsidwe ophunzira atsopano awiri kapena atatu oti aziwaphunzitsa, ndipo masankho a atsogoleri achitike chaka chisanathe, kuti otuluka apereke okha mabuku a mlembi ndi a msungichuma kwa olowa m'malo mwawo.