Nambala yomwe testi imasiya ikamaliza

Mtima wakhala m'malo, abale. Matesti a mapulogalamu a pakompyuta ndinkatha kuwalemba, kuwayendetsa ndinkathanso, koma munthu akandifunsa chifukwa chomwe akatswiri amalimbikira kuti tiziwayendetsera pa terminal, sikirini yolembapo malamulo ija, ndinkangobwereza zomwe ndinamva kwa ena, zoti kumeneko zimafulumira. Sabata ino ndi pomwe nkhani yeniyeni yandilowa m'mutu, ndiye ndati ndilembe kudakali kotentha. Za kuika Python, kupanga venv (malo apadera oikamo mapakeji a pulojekiti) kapena kulemba assert sindizikhudza, nonse amene mukuwerenga munazidutsa kale.

Nkhani yake ndi iyi. Pulogalamu iliyonse ikamaliza ntchito pa terminal imasiya nambala imodzi, exit code. Nambalayi siionekera pa sikirini pokhapokha uifunse. Yendetsa `pytest`, chida choyendetsera matesti a Python, ikangomaliza ulembe `echo $?`. Ngati matesti onse adutsa, upeza 0. Ngati ina yagwa, upeza 1. Amene muli pa Windows, PowerShell imaisunga mu `$LASTEXITCODE`, pomwe cmd imaisunga mu `%ERRORLEVEL%`. Basi, n'zomwezo. Koma taonani zomwe zikutanthauza: timadontho tija, mizere yobiriwira ndi yofiira ija, mawu oti passed ndi failed aja, zonsezo n'zathu anthu. Makina sawerenga chilichonse mwa zimenezo. Chomwe amamva ndi nambala imodzi ija.

Zili ngati kombi ikamanyamuka pa Fourth Street mu Harare kubwerera kwathu ku Mabvuku. Dalaivala satembenuka kuti awerenge anthu kapena kuona ngati katundu wakhala bwino. Amadikira hwindi, kondakitala uja, amenye chitseko, iye n'kuponda moto. Shell, pulogalamu yomwe imalandira malamulo ako pa terminal, imachita chimodzimodzi. Ukalemba `pytest && git push`, khodi yako ipita pokhapokha `pytest` itasiya 0. Ikasiya nambala ina iliyonse, lamulo lachiwirilo silichitika n'komwe. Chizindikiro cha `&&` chija ndinkachiona ngati njira yongolumikizira malamulo awiri pa mzere umodzi, osadziwa kuti chimafunsa kaye nambala ya woyambayo.

Nditangomvetsa zimenezi, zinthu zambiri zomwe ndinkaziona ngati maphunziro osiyana zinakhala chinthu chimodzi. GitHub Actions, GitLab CI ndi Jenkins, zida zomwe zimayendetsa matesti zokha pa seva, sadziwa pytest, sadziwa `npm test`, sadziwanso `go test`. Amayendetsa lamulo lomwe wawapatsa, n'kuona nambala. Ikakhala 0, sitepe yadutsa, apo ayi ntchito yonse imafiira. Hook ya pre-commit mu Git nayo ndi kafayilo wamba kamene kamayenda usanasunge zosintha zako ngati commit: ikasiya nambala yomwe si 0, commit imakanidwa. Makefile, fayilo ya malamulo oyendetsedwa motsatizana, imaima pa mzere womwe walephera pa chifukwa chomwecho. Mulibe zamatsenga mmenemu, ndi pangano limodzi lomwe mapulogalamu a Unix anagwirizana kalekale, ndipo aliyense wobwera pambuyo anangolitsatira.

Chomwe ndikuphunzirira zonsezi ndi kapulogalamu ka pa tuckshop ya amalume anga. Kuno ku Zimbabwe mitengo imayenda pawiri, madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya dziko lino yomwe inayamba mu April 2024, ndiye munthu amatha kulipira mbali ina ndi dola, yotsalayo ndi ZiG, n'kufunanso chenji. Amalume amawerengera zonsezi m'kabuku ndi pa foni, ndipo kawirikawiri salakwitsa, koma akachokapo, ana omwe amatsala pa windo amasokonezeka. Ndinalemba function yomwe imalandira mtengo, ndalama zomwe zaperekedwa ndi rate ya tsikulo. Ndalamazo ndimaziwerengera ndi Decimal, chifukwa mu Python `0.1 + 0.2 == 0.3` imayankha False, ndipo pa nkhani ya chenji palibe amene amafuna kumva zoti zatsala pang'ono kufanana. Matesti ndinawaika pa `pytest.mark.parametrize`, mzere uliwonse kasitomala mmodzi: wogula buledi ndi dola, wogula mafuta ophikira ndi ZiG, wosakaniza zonse ziwiri, wobwera ndi ndalama zosakwana. Tsiku lina amalume anaima kumbuyo kwanga akuyang'ana timadontho tikudutsa pa sikirini yakuda.

"Mphwanga, ndiye makinawa akuti chiyani? Chenji chikutuluka bwino?"

"Akuti zonse zomwe ndawafunsa zatuluka bwino, amalume."

"Nanga zomwe sunawafunse?"

Ndinaseka, koma funsolo linandikhala. Ndibwererako kumapeto kwa sabata ndikapeza mpata, chifukwa pali makasitomala ena omwe iwo akuwadziwa amene ine sindinawaganizire.

Tibwerere ku manambala, chifukwa apa ndi pomwe pali nsinjiro. Manambala odziwika a pytest ndi kuyambira 0 mpaka 5. Ziro ndi 1 tanena kale. Nambala 2 imatanthauza kuti ntchito yadukizidwa panjira, kaya wadina Ctrl+C kaya fayilo ina yakanika kutseguka pa nthawi yosonkhanitsa matesti, mwachitsanzo import ikalephera. Nambala 3 ndi vuto la mkati mwa pytest yeniyeniyo. Nambala 4 ndiye kuti lamulolo lalembedwa molakwika, kapena fayilo yomwe waitchula kulibe. Yomwe yandisangalatsa koposa ndi 5: palibe testi ngakhale imodzi yomwe yapezeka. Taganizani. Pytest imafufuza mafayilo oyamba ndi `test_` kapena othera ndi `_test.py`, ndi ma function oyamba ndi `test`. Wina akatchula fayilo yake `chenji_tests.py`, pytest siiona. Kukanakhala kuti pamenepo imasiya 0, makina onse otsatira akanakhulupirira kuti zinthu zili bwino, pomwe palibe chomwe chayesedwa. Amene anaganiza zopatula nambala imeneyi ankadziwa kuti kusagwa ndi kudutsa si chinthu chimodzi, ndipo ndimamulemekeza kwambiri.

Shell nayo ili ndi manambala ake. Ukaona 127, lamulo lomwe walemba silinapezeke, ndipo nthawi zambiri ndiye kuti venv sinatsegulidwe. Ukaona 126, fayilo ilipo koma ilibe chilolezo choyenda, ifunika `chmod +x`. Awiriwa akungokuuza kuti matesti sanayambe n'komwe, usataye nthawi kufufuza m'khodi.

Pali msampha umodzi womwe mnzathu wina wa m'gulu lathu lowerengera limodzi anatisonyeza, ndipo tonse tinangoti kukamwa yasa. Ankafuna kusunga zotuluka m'fayilo, ndiye analemba `pytest | tee zotsatira.txt`. Pa sikirini panali pofiira, testi yagwa ndithu, koma `echo $?` inati 0. Chifukwa chake n'chakuti mu bash nambala ya paipi yonse ndi ya lamulo lomaliza, ndipo `tee` inagwira ntchito yake bwinobwino. Mankhwala ake ndi kuika `set -o pipefail` pamwamba pa script. Munthu amene amangoyang'ana mtundu wa mizere sangalione vutoli, chifukwa maso ake akuona zofiira pomwe makina akumva kuti zonse zili bwino, n'kupitiriza kutumiza khodi yoonongeka.

Tsopano ndinene chomwe ndakondana nacho, ndipo ndikudziwa kuti ena munena kuti ndikukokomeza: `git bisect run`. Kwa ine palibe chida china chomwe chimaposa ichi pa zonse zomwe ndaphunzira chaka chino. Umauza Git commit yomwe zinthu zinali bwino ndi `git bisect good`, ndi yomwe zaonongeka ndi `git bisect bad`, kenako umalemba `git bisect run pytest tests/test_chenji.py`, n'kupinda manja. Git imalumphira pakati pa mbiri, imayendetsa testi, imamva nambala, imataya theka, imalumphiranso pakati pa theka lotsalalo. Ma commit 1000 imawamaliza m'masitepe pafupifupi 10, chifukwa 2 ukamuchulukitsa yekha ka 10 amakwana 1024. Pomaliza imakulozera commit yeniyeni yomwe inabweretsa vuto, ndi dzina la wolemba ndi tsiku lake. Malamulo ake ndi a nambala yomwe ija: 0 ndiye commit yabwino, kuyambira 1 mpaka 127 ndiye yoipa, kupatula 125 yomwe imatanthauza kuti iyi siingayesedwe, ilumphe. Apa mpofunika kusamala. Ngati fayilo ya testi kunalibe m'ma commit akale, pytest isiya 4, ndipo Git iwerenga 4 ngati commit yoipa, n'kukulozera munthu wosalakwa. Ndiye ndimalemba ka script kakang'ono kozungulira pytest, kamene kamasintha 2, 4 ndi 5 kukhala 125, n'kusiya 0 ndi 1 momwe alili. Mizere yake ndi yochepa zedi, koma kuilemba ndi komwe kunanditsimikizira kuti nkhaniyi ndaimvetsadi. Ndikanakhala kuti ndine wokonza silabasi, bisect ikanakhala m'sabata yoyamba, ophunzira asanaone ngakhale debugger. Ndikudziwa kuti imafuna ma commit ang'onoang'ono, yoti iliyonse iziyenda payokha, komanso testi yomwe imanena zoona nthawi zonse. Komabe.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndimadalira `pytest -x --lf`. Choyambacho chimaimitsa zonse testi yoyamba ikangogwa, chachiwiricho chimayendetsa zokhazo zomwe zinagwa ulendo watha. Ndikafuna za chenji zokha, `-k chenji`. Ndipo `python -m pytest` ndimaikonda kuposa `pytest` yokha, chifukwa imaika foda yomwe ulimo pa `sys.path`, zomwe zimachotsa madandaulo ambiri a ModuleNotFoundError. Izi mukuzidziwa, ndangodutsapo.

Chomwe chikundiwawa ndi nthawi yomwe yapita. Kumene ndimaphunzira, matesti tinaphunzitsidwa ngati batani. Tsegula IDE, pulogalamu yaikulu yolemberamo khodi ija, dina kamuvi kobiriwira, jambula sikirini, tumiza kuti upatsidwe malikisi. Aphunzitsi athu ndi anthu odziwa zinthu, sindikuwanyoza, koma palibe tsiku lomwe wina anatilembetsa `echo $?`. Phunziro la Linux linali lapadera, la testing lapadera, la Git lapaderanso, aphunzitsi osiyana, ndipo ulusi womwe umasoka zonsezi palibe anaugwira. Mnzathu wina atafunsa momwe seva imadziwira kuti testi yagwa pomwe kulibe munthu woyang'ana, yankho linali lakuti zimenezo n'za chaka chamawa. Funso limenelo linali mtima wa phunziro lonse, ndipo yankho lake silikanatenga ngakhale mphindi 10. Ndikumvetsa kuti kalasi ndi yodzaza ndipo silabasi imawathamangitsa, koma ife amene timachokera kutali nthawi imeneyi timaigula modula. M'mawa uli pa mzere wa kombi, madzulo uli pa mzere wa kombi, ukafika kunyumba magetsi kulibe, amabwera anthu atagona. Umadzuka pakati pa usiku kuti utchaje laputopu ndi kuwerenga, kwinaku ukuwerengera data yomwe yatsala. Laputopu yanga ndi yakale, IDE ikatseguka fani imalira ndipo batire imatha msanga, pomwe terminal ndi editor yopepuka zimandifikitsa patali. Ndikanadziwa kale kuti batani lija limangoyendetsa lamulo lomwe ndingalembe ndekha, usiku wambiri ukanapindula.

Gulu lathu ndi la ana a m'mabanja omwe agogo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, ena ndi a ku Tafara, ena ku Epworth, mmodzi ku Mbare. Timakumana Loweruka, ndipo ndaona kuti zomwe munthu wazimvetsadi amatha kuzifotokoza m'Chichewa osathawira ku mawu a m'buku. Loweruka likubwerali ndine wofotokoza, ndipo ndiyambira pa `true; echo $?` ndi `false; echo $?`, timapulogalamu tiwiri tomwe ntchito yake ndi kusiya 0 ndi 1 basi, tisanakhudze pytest n'komwe.

Pali pomwe sindinafike. Ziro ija imangonena kuti zomwe ndinafunsa zayankhidwa momwe ndinkayembekezera, ndipo ndikamaidalira kwambiri ndimaopa kuti ndisiya kuganiza. Ndili ndi testi imodzi ya lipoti la malonda a tsiku yomwe imadutsa masana koma nthawi zina imagwa ndikaiyendetsa usiku kwambiri. Ndikuganiza kuti ndi nkhani ya nthawi, poti Harare ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyezera ya dziko lonse, ndi maola 2, ndiye pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku madeti awiriwa amasiyana, koma sindinatsimikize. Testi yotere bisect yanga yokondedwa ija ingaisokeretse kotheratu. Ena akuti ndiimitse wotchi ndi mock, chinthu chongopeka cholowa m'malo mwa chenicheni, ena akuti mock ikachuluka umayamba kuyesa zomwe wapeka wekha m'malo moyesa pulogalamu. Onse akumveka ngati akunena zoona. Sindikudziwanso kuti matesti okwanira ndi angati pa kapulogalamu kakang'ono ngati kanga, kapena ngati coverage yomwe anthu amaitamanda, muyeso wa khodi yomwe matesti adutsamo, ingandiuze za makasitomala omwe amalume akuwadziwa aja. Mwina ikangondipatsa nambala ina yoti ndiziisangalalira. Amene munadutsa pamenepa, mumaimitsa wotchi kapena mumapereka nthawi ngati argument ku function? Ine ndikupendekera ku yachiwiriyo, koma zifuna kuti ndisinthe malo ambiri, ndipo mayeso a kusukulu ayandikira.