Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nyemba za pakati pa usiku

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe adokotala anandiletsa kusiya mwadzidzidzi diazepam, mapiritsi ogonetsa aja. Anati munthu amene wamwa mapiritsiwa zaka zitatu ngati ine, akangowataya tsiku limodzi akhoza kugwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. Paja poyamba ndinapatsidwa a masabata awiri okha, maliro a bambo a ana anga atangotha. Enawo ndinkagula ndekha, ndipo kumene ndinkagulako musandifunse.

Ndinkamwa awiri usiku uliwonse, lililonse la 5mg. Tinapangana kuti pakatha masabata awiri ndizichotsapo kotala ya piritsi limodzi, ndipo zikandivuta ndiziima pomwepo, osawonjezera. Ndinkadula ndi lezala pa sosala. Piritsilo ndi laling'ono kale, ndiye kotala yake ndi kanthu koti ukayetsemula sukapezanso. Ndinaseka. Kafumbi aka n'kundisowetsa mtendere ine?

Masiku atatu oyamba ndinagona bwinobwino, mpaka ndinawaimbira foni achemwali anga kuti zatheka. Sindinkadziwa kuti diazepam amachedwa kutuluka m'thupi. Amakhalamo masiku angapo, choncho thupi limazindikira mochedwa kuti lamanidwa. Usiku wachisanu ndi umene unandiphunzitsa.

Anthu akamva kuti munthu akusowa tulo amaganiza za maso ouma basi. Kwa ine chachikulu anali mantha, ndipo ankayamba kusanade. Dzuwa likamapendekera ku Michiru, anzanga akubwerera kwawo mosangalala, ine m'mimba munkayamba kuwira. Kuyala bedi kunali ngati kukonzekera mlandu. Ndikatsitsa neti, mtima uli thi thi thi mpaka kumamveka m'pilo, m'makutu muli phokoso ngati la nyenje. Ndikati ndisinzeko, mwendo unkangodzidzimuka wokha ngati ndaphonya sitepe, tulo tonse balala. Kenako masamu. Ndimayang'ana foni: 11 koloko, ndikagona pano ndipeza maola asanu ndi limodzi. Ndiyang'anenso: 1 koloko, atsala anayi. Unali mwezi wa Okutobala, malata akutulutsa moto umene amwa tsiku lonse, agalu a m'Chilomoni akulandizana kuuwa. Pa kabati panali botolo la mapiritsi, ndipo ndinkadziwa kuti theka limodzi lokha likhoza kuzimitsa zonsezi. Kangati konse ndinalitsegula n'kulitsekanso.

Tulo tikabwera pang'ono cha m'bandakucha, tinkabwera ndi maloto oti ukadzuka umafufuza ngati zachitikadi. Malemu ankabwera kawirikawiri, atavala jekete yawo ya ku ntchito, osalankhula. Nditawauza alamu anga, anangoti, "Mlamu, izi si za kuchipatala izi. Achimwene ali ndi mawu." Mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti wokhulupirira sasowa tulo. Mapemphero ndinkawafuna ndipo amayi anzanga ankabwera kudzapemphera nane, koma mawu amenewo anandiwonjezera katundu. Usiku ndinayamba kudzizenganso mlandu wa chikhulupiriro. Mnzanga wa pamsika, amene timayala zitenje moyandikana, yekha anabwera ndi nzeru ina: kagalasi kamodzi ka vinyo pogona.

Zonsezi ndinakazitula kwa adokotala. Za vinyo anakaniratu. Anandifotokozera kuti ubongo uli ndi mabuleki akeake, mankhwala achilengedwe otchedwa GABA, amene amaziziritsa mitsempha kuti munthu apume. Diazepam amathandizira kuponda mabulekiwo, ndipo akaponda zaka, ubongo umazolowera n'kufooketsa mphamvu yake. Mowa umagwira pomwepo, ndiye kumwa n'kungosintha mwini ngongole. Za maloto anati mapiritsiwa amapondereza tulo ta maloto, choncho ukamawachepetsa malotowo amabwera mothithikana ngati madzi otsegulidwa pampopi umene unauma.

"Mayi, simukupenga," anatero. "Thupi likuphunziranso ntchito imene linaiwala."

Kenako anandiuza chinthu chimene ndinachiona ngati chipongwe. Ati ndikaona kuti papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, ndidzuke, ndichoke kuchipinda, ndikachite kanthu kosasangalatsa kwenikweni pa kuwala kochepa, ndibwerere pokhapokha maso akalemera. M'mawa ndizidzuka nthawi imodzimodzi ngakhale nditagona ola limodzi, masana osagona. Ndinati, "Adokotala, munthu wofuna tulo mukumuuza kuti adzuke?" Iwo anati bedi langa ndaliphunzitsa kukhala malo a nkhondo, ndiye liyenera kuphunzira kachiwiri kuti ndi pogona. Tiyi wa madzulo anandilandanso, ine amene kapu ya Chombe ya 4 koloko ndinkaiyesa ufulu wachibadwidwe.

Sabata yathunthu sindinamvere. Ndinkangogona chagada kulimbana nato tulo. Ndiye usiku wina magetsi atazima, thukuta lili kamukamu, ndinatopa nazo n'kutuluka. Pabalaza panali thumba la nyemba zochokera kumudzi ku Ntcheu, zodzaza timiyala ndi zofumbwa. Ndinayatsa kandulo, kutenga lichero, kukhala pamkeka.

Sindikudziwa mmene ndingakufotokozereni bwino. Kusankha nyemba kumafuna maso ndi zala, koma mutu sikuufuna kwambiri. Yabwino uku, yofumbwa uko, kamwala pansi. Mtima unapitiriza kuthamanga, inde, koma unkathamanga ine ndili ndi chochita, osati nditagona kuumvetsera. Maganizo a mawa, a ngongole ya ku banki m'khonde, a malemu, ankabwera n'kudutsa ngati anthu a pamsewu. Sindinkadikiranso tulo. Mwina patapita ola ndinazindikira kuti ndaponya nyemba zabwino ku zofumbwa kawiri konse. Ndinabwerera kukagona, ndipo ndinadzidzimuka ndi kuitana kwa kumzikiti.

Usiku wachitatu wa ntchito imeneyi mwana wanga wamkazi anandipeza. Anaima pakhomo la chipinda chake atafunda chitenje, maso ali tong'o.

"Amayi, mukutani usiku uno?"

"Ukuona wekha. Kagone iwe, mawa uli ndi kalasi."

Sanapite. Anakhala pansi n'kuyamba kusankha nawo, osafunsanso kanthu. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaopa kuti mutu wanga wasokonekera, ndipo anakhala akufufuza pa foni mobisa. Ndi iyeyo amene anandiwerengera za Pulofesa Heather Ashton wa ku Newcastle, ku England, amene kuyambira 1982 mpaka 1994 ankayendetsa kiliniki yothandiza anthu kusiya mapiritsi a mtundu umenewu. Zimene ankaphunzitsa n'zomwe adokotala anga ankanena: kutsika pang'onopang'ono, miyezi ngakhale kupitirira chaka, liwiro lake molingana ndi mmene wodwalayo akumvera. Chimene chinandikhudza si malangizowo ayi. Kunali kumva kuti kulira kwa m'makutu, kudzidzimuka kwa miyendo, ngakhale mantha a dzuwa likamalowa, anthu ena kutali ankazidziwa kale ine ndisanaone n'komwe piritsi loyamba. Ndinali ndikudziyesa ndekha wolodzedwa.

Foni tinagwirizana kuti izigona kuchipinda kwa mwanayo, kuti masamu a usiku athe. Botolo la mapiritsi nalonso linasamukira komweko. Madzulo aliwonse ankandipatsa mlingo wa tsikulo pa sosala, n'kulemba m'kope la sukulu. Poyamba zinkandichititsa manyazi, mwana amene ndinamusambitsa ndekha kumandigawira mankhwala. Koma dzanja langa pa 2 koloko usiku sindinkalikhulupirira.

Musaganize kuti nyemba zinandichiritsa. Panali usiku wina woti ndasankha lichero lonse, kubwerera ku bedi, kudzukanso, mpaka kunja kuyera. Tsiku lotsatira pamsika ndinkabweza chenje molakwika, ndipo kasitomala wina ndinamukalipira popanda chifukwa. Kotala iliyonse ikachotsedwa, pakapita masiku anayi kapena asanu mavuto ankabweranso, n'kukhala sabata, kenako kuphwa pang'ono. Kusiyana kwake kunali koti tsopano ndinkawadziwa mayendedwe ake, ndipo m'kope muja munali umboni woti ulendo wathawu anabwera n'kupita. Pa 7.5mg ndinapempha kuima mwezi wathunthu, adokotala anavomera.

Thumba la ku Ntcheu linatha m'masabata atatu. Ndinasankha mtedza, ndinasankha mpunga, mpaka anansi anayamba kunditumizira nyemba zawo poganiza kuti ndayamba ganyu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafunsa kuti ndimalipiritsa zingati pa ndowa.

Pofika Khirisimasi ndinali pa piritsi limodzi, ndikugona maola anayi, nthawi zina asanu. Ndi pamene uthenga unabwera kuchokera kumudzi woti mu Januwale tikamange chiliza cha malemu, ndipo ndikagone masiku atatu m'nyumba ya apongozi anga, momwe munalibe amene ankadziwa za mapiritsi. Za ulendo umenewo ndikamba m'gawo lotsatira.