Kuyesa mafomu a nkhawa pa odwala BP ndi shuga ku Blantyre: pomwe tinatayira nthawi

Tamaliza kafukufuku woyesa mafomuwa m'Chichewa, ndipo langizo loyamba ndi ili: fomu ya Chichewa muiwerengere anthu wamba musanaipereke ku komiti yoona za kafukufuku. Alonda, amayi okolopa m'wodi, agogo a kunyumba, aliyense amene si wachipatala. Ife tinapereka kaye, chilolezo n'kutuluka, kenako n'kupeza kuti mafunso ena sakumveka. Fomu yovomerezedwa simusintha ngakhale liwu limodzi popanda kubwerera kukapempha chilolezo china.

Tinagwiritsa ntchito PHQ-9 ndi HADS, mafomu a mafunso oyezera kuvutika maganizo ndi nkhawa. PHQ-9 ndi yaulere, ili ndi mafunso 9, mapointi 0 mpaka 27, ndipo ya Chichewa ilipo kale, inayesedwa pa odwala shuga kuno ku Malawi. Musavutike kuimasuliranso. HADS ili ndi mafunso 14, a nkhawa 7, a kuvutika maganizo 7, koma ili ndi eni ake, ndiye chilolezo chomasulira muyambe kuchipempha msanga.

Kamasuliridwe ndi kodziwika: awiri amasulire payekhapayekha, mugwirizanitse, wachitatu amene sanaone ya Chingerezi aibwezere m'Chingerezi. Koma kubwezera kumeneku kumapusitsa. HADS ili ndi funso la mantha omveka m'mimba, ndipo womasulira wathu analemba za agulugufe m'mimba, monga momwe amanenera pa Chingerezi. Pobwezera zinafanana ndendende, tonse n'kukhutira. Wodwala woyamba kumuwerengera anafunsa ngati tikunena njoka za m'mimba.

Tinasintha n'kulemba kuti "mtima kukhala m'mwamba", ndipo apa ndi pomwe pali msampha weniweni. M'Chichewa pafupifupi chilichonse cha maganizo chimadutsa pa mtima: kusweka mtima, kutaya mtima, mtima kuwawa. Tsono mukufunsa munthu amene wauzidwa kuti mtima wake uli pachiopsezo. Bambo wina anayankha kuti, "Eee, umagunda kwambiri ndikamakwera chitunda cha ku Ndirande." Amayankha za nyama ya mtima, ife tikulemba mapointi a nkhawa. Liwu loti mtima lichotseni paliponse pomwe mungathe, munene kuti mantha, nkhawa, kuganiza kwambiri.

Kusintha kumeneku ndi komwe kunandipsetsa mtima. Ndinapita ku komiti ndi mapepala onse, ndinadikira m'mawa wonse, n'kundibweza chifukwa deti la pansi pa fomu ya Chichewa silinafanane ndi la pa ya Chingerezi. Deti lokha. Pomwe ndimakonza, tsiku lomaliza kulandira mapepala linali litadutsa, ndiye tinadikira msonkhano wotsatira, ofunsa mafunso atalembedwa kale ntchito, akungokhala. Nambala ya version ndi deti zikhale zofanana patsamba lililonse, kuphatikizapo fomu yopempha chilolezo kwa wodwala.

Ndimaiwala za mankhwala. PHQ-9 imafunsa za tulo, kutopa ndi chilakolako cha chakudya. Pa mankhwala a BP, womwa furosemide amadzuka kukakodza, womwa atenolol amatha kumva kufooka, washuga wauzidwa kuti achepetse nsima. Mapointi amakwera munthu asakuvutika maganizo. Lembani mankhwala a aliyense kuti podzawerengetsa muthe kusiyanitsa.

Pa chiwerengero, lamulo lofala ndi anthu 10 pa funso lililonse, ndiye HADS ikufuna osachepera 140. Cronbach's alpha, nambala yosonyeza ngati mafunsowo akuyeza chinthu chimodzi, ifike 0.7. Ena muwafunsenso pakatha sabata kapena ziwiri kuti muone ngati mayankho afanana, ndipo ndalama ya minibasi muiike mu bajeti, apo ayi wa ku Bangwe sabwerera. Wodwala aonedwenso ndi wodziwa za matenda a maganizo pogwiritsa ntchito SCID kapena MINI (ndondomeko za mafunso zomwe akatswiri amapezera matendawa), iye asakudziwa mapointi a pa fomu. Apo ndi pomwe mumapeza malire oyenera a mapointi osonyeza kuti munthu akudwala, m'malo mongotengera mapointi 10 omwe amagwiritsa ntchito kunja pa PHQ-9.

Mafunso muziwerenga mokweza, chifukwa ambiri sawerenga bwino, ena maso anaonongeka ndi shuga. Wowaperekeza atuluke: mayi sanganene kuti wataya chiyembekezo mpongozi ali pambali. Funso la 9 la PHQ-9 ndi la maganizo ofuna kudzipha, choncho musayambe musanagwirizane ndi namwino wa matenda a maganizo amene adzamuone wodwalayo tsiku lomwelo.

Ndipo fomuyo muiwerengere alonda kaye.