Ndinamanga buleki kwambiri, ndege n'kumatsika mothamanga kuposa kale

Loweruka lapitali ndinamaliza mabatire onse amene ndinanyamula pa chinthu chimodzi chokha: kukweza ndege yanga ya rimoti chilili, kuigwetsa mphuno, kudula moto, n'kutchera khutu. Kugudubuza ayi, kupanga malupu ayi. Anzanga amene anali pambali ankangoyang'anizana, mwina poganiza kuti zina zonse ndinaiwala. Ine ndinali kusaka mlingo woyenera wa buleki ya mota.

Ndege yanga ndi ya F3A, zija za mipikisano yoonetsa luso m'mlengalenga, zosapitirira mamita awiri m'litali ndi m'mapiko momwe, monga amanenera malamulo a FAI, bungwe loyang'anira masewera a ndege padziko lonse. Imayendera mabatire awiri a LiPo, lililonse la maselo 5, olumikizidwa mondondozana, ndiye akadzadza amatulutsa mavolti 42. Kumphuno kuli pulopela ya 21x14, nambala yoyamba ndi mainchesi a m'mimba mwake, yachiwiri ndi kupendekera kwa masamba. Pa masewera amenewa oweruza safuna liwiro. Amafuna ndege yoyenda mwakachetechete, pokwera ndi potsika liwiro lake likhale ngati limodzi, kuti ngodya iliyonse ioneke bwino. Pokwera palibe nkhani, mota ili ndi mphamvu zotsala. Mavuto ali potsika. Ndege zimenezi n'zosalala, zikangoloza pansi zimathawa, ndipo pofika m'munsi mumapezeka mukukoka mwamantha, ngodya imene inayenera kufanana ndi ya kumwamba ija n'kukhala ina.

Amene anayamba kale ndi injini za mafuta za four-stroke vutoli sankalidziwa kwenikweni. Injini yotero mukaichepetsa moto imakana kuti mphepo iizunguze mmene ikufunira, pakuti mpweya wopanikizika mu silinda umaigwira. Mota ya magetsi ilibe mwano wotere. Mukadula moto imangolekerera, pulopela n'kumapota mmene mphepo yalamulira.

Apa m'pamene ESC imalowerera, kabokosi kaja kokhala pakati pa batire ndi mota. Mukaiuza kuti izimanga buleki, imagunditsa mawaya atatu a mota aja kwa kamphindi kosaoneka n'komwe, n'kusiya, n'kugunditsanso, mobwerezabwereza. Mota imasanduka jenereta, n'kuyamba kulimbana ndi mphepo imene ikuizunguza. Peresenti imene mumaika ija ndiyo imanena kuti kulimbanako kukule motani. Mphamvu yotapidwa pamenepo imathera m'kutentha kwa mota ndi ESC, ndipo pa ma ESC ena ina imabwerera m'batire.

Tsono ine ndinachokera ku ma glider, ndege zija zoyandama pa mphepo moto utazima. Kumeneko buleki ndi yoimitsa pulopela kuti ipinde masamba ake n'kugona pathupi pa ndege, basi. Ndiye mutu wanga unkati buleki yambiri ndi kugwira kwambiri. Nditaona kuti pa 30 peresenti ndege ikundithawabe pang'ono, sindinaganize kawiri, ndinakweza mpaka 80.

Ndinakwera, ndinagwetsa mphuno, ndinadula moto. Panamveka kuti khwee, kenako zii. Ndege inatsika ngati mwala, kuposa mmene inkachitira ndisanagwire chilichonse. Pofika pansi ndinakoka n'kupatsa moto, koma mota inayamba yazengereza, kenako n'kudzidzimuka mwamphamvu mpaka mchira kugwedezeka. Miyendo inandizizira.

Nditatera, bambo wina wachikulire amene wakhala akuulutsa ndege ine ndisanadziwe n'komwe kuti rimoti n'chiyani anabwera, n'kugwira pulopela ndi chala chimodzi.

"Achimwene, iyi inaima kumwambaku?"

"Eya bambo, inaima."

"Nanga ikaima, chogwira mphepo n'chiyani? Timasamba tiwiri tokhati?"

Sanawonjezepo kanthu, anabwerera ku ndege yawo. Koma funsolo linandikwanira. Pulopela yozungulira mphepo imaiona ngati mbale yathunthu, kwa ine mbale ya mainchesi 21 m'mimba mwake. Ikaima mbale ija yapita, chotsala ndi masamba awiri opyapyala amene mphepo imangodutsa. Chofunika n'chakuti izizungulirabe, koma mochedwerapo kusiyana ndi mmene mphepo ikufunira. Pamenepo mphepo imamenya masamba chakumaso n'kukankhira ndege m'mbuyo. Mukapitiriza kumanga, pamafika malo amene masamba amataya mphepo, kugwira kuja n'kuyamba kuchepa, phokoso n'kukula. Malo abwino ali pafupi ndi m'mphepete mwa phompho limenelo, ndipo n'kachigawo kopapatiza.

Kuzengereza kwa mota kuja kulinso ndi chifukwa chake. Mamota ambiri amene timagwiritsa ntchito alibe masensa. ESC imadziwa pamene maginito afika pomvera magetsi amene mota yozungulira imabweza. Mota ikaima, ESC imakhala ngati yatsekedwa m'maso, imayamba yafufuza kaye isanagwire bwino. Patebulo kuchedwa kumeneko simungakuone ngati kanthu. Ndege italoza pansi, theka la sekondi ndi mtunda.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana nambala imodzi yokha. ESC yanga imafunsa zinthu zinayi: idikire nthawi yanji moto ukadulidwa, iyambe ndi mphamvu yanji, imalize ndi mphamvu yanji, ndipo ichoke poyambapo kukafika pomalizapo m'nthawi yotalika bwanji. Makampani amazitchula mosiyana, ena mumasintha ndi kabokosi ka mabatani, ena pa kompyuta, koma mfundo ndi yomweyo. Chimene chinasintha ndege yanga kwambiri si mphamvu yomaliza ija, koma nthawi yolowera. Buleki yogwira mwadzidzidzi imagwedeza ndege moti aliyense pabwalo amaona pamene mwadulira moto. Imamasulanso nati ya pulopela, chifukwa shafiti ikachedwetsedwa mwankhaza pulopela imafuna kupitirira, ndipo kupitirirako kumakhotetsa nati kulowera komasuka. Ine ndimaigwira ndi sipanala ndisananyamuke tsiku lililonse. Amene mota zawo zili ndi magiya ayenera kusamala koposa, mano a magiya sakonda kumenyedwa chobwerera.

Pali chinthu china chochititsa manyazi chimene ndiyenera kuulula. Ndinataya sabata ziwiri ndikusintha manambala popanda kumva kusiyana kulikonse, mpaka ndinayamba kukayikira ESC. Vuto linali ine. Pa rimoti ndinali nditakweza pang'ono poyambira moto kuti pulopela izipota pang'onopang'ono ndege ikakhala pansi, chizolowezi chotengera kwa a injini za mafuta. Ndiye kandodo ka moto kakafika pansi, ESC inkaonabe kuti ndikufuna moto, buleki osagwira n'kamodzi komwe. Onetsetsani kaye zimenezi musanagwire china chilichonse, ndipo pochita zimenezo chotsani pulopela. Ndikubwereza, chotsani pulopela. Mota ya mavolti 42 siifunsa kuti chala n'cha ndani.

Komanso musanamizidwe ndi za pansi. Pansi palibe mphepo yozunguza pulopela, ndiye ngakhale buleki yochepa imaiimitsa msanga, inu n'kuganiza kuti mwaonjeza. Yesani kumwamba, pamalo otalika bwino, ndipo sinthani pang'onopang'ono. Ine ndimasuntha mapelesenti awiri okha pa ulendo, n'kulemba m'kabuku. Khutu limathandiza kuposa maso. Ikakhala bwino, pamamveka kulira kosalala kotsika pang'onopang'ono n'kukhazikika. Ikayamba kukalipa, ngati nsalu ikung'ambika, mwadutsa.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti buleki imasokoneza mmene ndege inakhalira yolunjika. Pulopela ikamabweza mphepo, kumchira kumafika mpweya wochepa komanso wovunduka, ndipo kupotokola kwa mota kumatembenukira mbali inayo. Yanga inayamba kukokera chakudenga kwake potsika, n'kumapendekeranso pang'ono phiko limodzi. Ndinachita kukonzanso ma mix onse a pa moto wotsika, zija mumaika pa rimoti kuti iziwongola ndege yokha, elevator yokweza ndi kutsitsa mphuno pang'ono, aileron yopendeketsa mapiko kadontho. Ndikanadziwa ndikanayamba ndi buleki, zolunjikitsa n'kubwera pambuyo. Ndinagwira ntchito imodzi kawiri.

Pa stall turn, paja ndege imakwera chilili n'kutembenukira chammbali kuti iloze pansi, m'pamene tikukanganabe ndi ndege yanga. Pamwamba paja, ndege ikatsala pang'ono kuima, rudder, chiwongolero cha kumchira, imafuna mphepo ya pulopela kuti igwetse mphuno chammbali. Mukatsitsa kandodo mpaka pansi, buleki imagwira pa nthawi imene liwiro latha kale, pulopela n'kuima, ndege n'kugwa chagada kapena chafufumimba. Ena amathana nazo ndi swichi imene imakweza poyambira moto kuti buleki isagwire. Ine swichi ndimaiiwala, ndiye ndinaphunzitsa chala kuima kadontho kamodzi pamwamba pa buleki. Potera ndimachitanso chimodzimodzi, pakuti ndi buleki yonse ndege imamira msanga isanafike pamene ndikufuna. Masiku amphepo chala chimaphonya ndithu.

Alipo anzanga amene anathawa mavuto onsewa pogula ESC yosunga liwiro la mota pa nambala imene wailamula, kaya ndege ikukwera kaya ikutsika, ndipo ena anaika mapulopela awiri ozungulira mosemphana, amene amagwira mphepo kwambiri mwa okha. Ndikaziona zikutsika ndimasirira, sindinama. Koma yangayi sindinaimalize kuimvetsa.

Pakali pano m'kabuku mwalembedwa kuti idikire pang'ono, iyambe pa 10, ifike pa 24 m'sekondi imodzi ndi theka. Musakopere, manambalawa ndi a mota yanga ndi pulopela yanga. Ndipo sakhalitsa, chifukwa m'bokosi muli 22x12 yatsopano imene sindinaiyesepo, mbale yokulirapo, masamba opendekera mosiyana. Ndatsegula tsamba latsopano m'kabuku muja, mabatire ali pa chaja.