Lamba wa injini ataduka pa Lizulu, mkangano unabuka wa chimbale cha Rolling Stones

Minibasi yathu yochokera ku Lilongwe inafera pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 uli malire a Malawi ndi Mozambique. Dedza ndi Bembeke tinadutsa bwinobwino, kenako kamuvi ka kutentha kanakwera mpaka pofiira, kanyali ka batire nkuyaka. Ziwirizi zikabwera pamodzi, ganizirani fanibeluti, chifukwa lamba ameneyu ndiye amazunguza pampu ya madzi ndi alitaneta. Ndipo musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ikadali ya moto, madzi ake amasupula nkhope. Kondakitala anakwera kabaza kukasaka lamba wina, ife nkutsala m'mphepo ya mu July.

Mnyamata wina amene ananyamula gitala anapempha kuti aike flashi mu wailesi ya galimoto. Dalaivala anakana, ndipo sanalakwe: batire lomwe silikulandira moto mukaliimbitsa nyimbo, mapeto ake nkukankha. Ndiye mnyamatayo anatulutsa kasipika ka Bluetooth nkuika Hackney Diamonds, chimbale chomwe a Rolling Stones, gulu loimba la ku England, anatulutsa mu October 2023. Chili ndi nyimbo 12, ndipo nchoyamba cha nyimbo zatsopano zopeka okha chichokereni 2005.

Nyimbo yoyamba isanathe, bambo wina wachikulire wa chipewa chaubweya, amene anati gululi analizolowera ali pa ntchito ku Joni, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, ng'oma izi si za Charlie."

"Zoona madala, akuimba ndi Steve Jordan. Koma mwadziwa bwanji?"

Charlie Watts, woimba ng'oma wakale wa gululi, anamwalira mu August 2021 ali ndi zaka 80. Madalawo anatenga timitengo tiwiri ta chipisi nkuyamba kugogoda pa ndowa ya kachewere. Anaonetsa kuti Watts akamamenya kang'oma ka pakati, dzanja lamanja ankalikweza osakhudza timbale tachitsulo, ndiye kang'omako kankalira kokha, ngati kakuchedwa pang'ono. Jordan amamenya mwamphamvu, molunjika. Pa chimbalechi Watts alipo pa nyimbo ziwiri zokha zomwe anajambula mu 2019, ndipo pa imodzi mwa izo besi akuimba Bill Wyman, amene anasiya gululi mu 1993. Mnyamata uja anazisakaniza ndi zina kuti awayese. Madala zonse ziwiri anazilasa.

Dandaulo lawo lina ndimagwirizana nalo. Andrew Watt, amene anajambula chimbalechi, anachisalaza kwambiri ndipo chida chilichonse anachikweza mofanana, moti nyimbo zimasowa popumira. Pa kasipika kakang'ono zimaipiratu: besi ya Paul McCartney wa gulu la Beatles, yomwe ili pa nyimbo imodzi, inkangomveka ngati njuchi m'botolo. Mukafuna kuchiweruza bwino, mverani ndi mahedifoni.

Mnyamatayo sanagonje. "Madala, gulu ndi gitala ya Keith Richards, ndipo ikadalipo." Anamasula gitala yake, nkutsitsa nsambo kuti zikhale G, D, G, B, D, ya pamwamba yokhuthala ija osaikhudza, poti Richards amaichotseratu nkutsala ndi zisanu. Chala chimodzi chopingasa, ziwiri nkumagwetsa ndi kudzutsa, kamvekedwe kaja kanatuluka pomwepo, amayi ogulitsa kabichi mpaka kutembenuka.

Mayi wina wopita ku Balaka ndiye anaponya funso lolemera: "Nanga abambo, Ma Blacks anatha? Matafale anapita 2001, Musamude 2007, koma Kuimba sikunaime." Madala anati za ku Chileka nzosiyana, chifukwa kumeneko nyimbo ili m'magazi a banja limodzi. Apa ine sindikuwavomereza. Ma Rolling Stones nawo anasinthapo oimba gitala: Brian Jones anamwalira mu 1969, Ronnie Wood analowa mu 1975, ndipo zimbale zomwe anthu ambiri amazitama zinatuluka gulu litasintha kale anthu. Hackney Diamonds chinapatanso mphotho ya Grammy mu 2025, ngakhale mphotho siitseka pakamwa munthu amene khutu lake lakana.

Chomwe chinawakhazika chete ndi nyimbo yomaliza. Mulibe ng'oma, mulibe alendo: Mick Jagger, wotsogolera nyimbo wa gululi, ndi Richards awiriwiri, gitala ndi kalimba wa pakamwa, akuimba nyimbo ya Muddy Waters, woimba wakale wa ku America, yomwe gululi linatengako dzina mu 1962. Imeneyo yokha ndiyo kasipika kanaikwanitsa. Madala anati aibwereze.

Lamba anabwera patatha maola awiri. Akamanga, mudinikize pakati ndi chala chachikulu: azilowa pafupifupi sentimita imodzi, akathina kwambiri amadya mabering'i a pampu. Chimandiwawa nchakuti lamba wakaleyo anali ndi ming'alu yooneka ndi maso, ndipo wapadera satenga malo pansi pa mpando, koma eni minibasi ambiri amadikira aduke kaye. Kachewere wa pa Lizulu musagule pa mtengo woyamba, ndipo muuzeni wogulitsa akhuthule ndowa muone za pansi. Pa Ntcheu tinafika kutada, magetsi a pa depoti atayaka kale.